Miyezi 19 yochotsa dzina la achimwene pa ngongole ya nyumba

Uthenga unandipeza ndili pa shifiti ya usiku, mu Okutobala 2022. Achimwene salemba zambiri. Anangoti, "Chemwali, ukapeza mpata tikambirane za nyumba ija, alamu ako akufunsa." Ndinawayankha pompo kuti asade nkhawa, Lolemba ndiimbira a banki achotse dzina lawo. Mumtima mwanga inali nkhani ya foni imodzi, ngati kusintha dzina pa bilu ya magetsi. Dzinalo linadzachoka mu Meyi 2024. Ndalemba izi chifukwa pafupifupi mwezi uliwonse pamapezeka wina kutchalitchi kapena kuntchito wondikokera pambali n'kunong'ona kuti, "Paja inu munapanga bwanji?", ndipo pa khomo la tchalitchi sindikwanitsa kufotokoza zonse.

Nyumbayi tinagula mu Malichi 2019 kuno ku Leicester, ku England. Ndi ija yogundizana ndi zinzake mumzere, ya njerwa zofiira, kumbuyo kuli kabwalo kokwana kuyanika zovala ndi kudzala mpiru m'zidebe. Mtengo wake unali £160,000. Nthawi imeneyo banja langa linali litangotha, ndinali ndi mwana wamkazi wa zaka 13, ndipo malipiro anga a unesi sakanandipezera ngongole ndili ndekha. Achimwene, amene amayendetsa basi, anali asanakwatire. Iwo anaika £10,000, ine £6,000, ndipo banki inatibwereka £144,000 yobweza pa zaka 25, chiwongoladzanja chosasintha kwa zaka 5 zoyambirira. Pamwezi tinkapereka £646, aliyense theka.

Kwathu ku Ntcheu mlongo wamwamuna ndiye mwinimbumba. Ana a mlongo wake akadwala, akasowa fizi, akafuna kulowa m'banja, amene amaitanidwa ndi iye. Choncho achimwene ataona kuti ine ndi mwana tikusamukasamuka m'nyumba za lendi, sanadikire kuti ndiwapemphe. Anati tiyeni tigule. Sitinalembe chilichonse pakati pathu, chifukwa kupempha pepala kwa munthu amene wakunyamula chonchi kukanaoneka ngati mwano. Loya atatifunsa ngati tikufuna kulembetsa ngati joint tenants kapena tenants in common, njira ziwiri zokhalira eni a nyumba imodzi, tinayang'anana n'kusankha loyambalo. Anatifotokozera kusiyana kwake, ndikukumbukira, koma makutu athu anali pa makiyi.

Lolemba lija ndinaimbadi foni. Mayi amene anandiyankha anandifotokozera mofatsa zimene ndinayenera kudziwa kalekale. Dzina la munthu pa nyumba limakhala malo awiri. Lili m'kaundula wa boma wa eni malo ndi nyumba, amene ku England ndi Wales amasungidwa ndi HM Land Registry, ndipo lilinso pa pangano la ngongole ndi banki. Malinga ngati ngongole ilipo, simungasinthe m'kaundula muja banki isanavomere, popeza nyumbayo ndi chikole chake. Ndipo banki siiona ngongole ya anthu awiri ngati magawo awiri. Aliyense mwa awiriwo ali ndi mlandu wa ndalama yonse. Ine nditasiya kulipira, akanatha kupita kwa achimwene kukafuna £128,000 yonse imene inali itatsala, ngakhale kuti iwo anali atasamukira ku Northampton ndi mkazi wawo kuyambira mu Julayi. Kupempha kuti achotse dzina limodzi kuli ngati kuuza wobwereketsa kuti mwa anthu awiri amene angawagwire, amasule mmodzi. Asanavomere, amakuyesa mwatsopano ngati munthu amene wabwera kudzabwereka lero.

Anandiyesa, ndipo ndinalephera. Malipiro anga, kuphatikiza mashifiti a usiku, ankafika pafupifupi £38,000 pachaka. Mabanki ambiri kuno amabwereketsa kuwirikiza malipiro ka 4 kapena ka 4.5, ndiye pongowerengera ndinkaoneka kuti ndikukwana. Koma kuyambira 2014, malamulo atakhwimitsidwa, amayang'ananso zimene umatulutsa. Ndinali ndi ngongole ya galimoto ya £290 pamwezi, ina pa khadi, komanso ndalama imene ndimatumiza kwa amayi mwezi ndi mwezi, imene inkaoneka bwinobwino pa sitetimenti. Nthawi yakenso inali yoipa. Pa 23 Seputembala chaka chimenecho boma la Liz Truss linali litalengeza bajeti ija imene inagwedeza msika, mabanki anachotsa ngongole zambiri pa msika, ndipo zimene zinabwerera zinali ndi chiwongoladzanja chopitirira 6 peresenti. Nditafunsa zosamukira ku banki ina, anandikumbutsa za chindapusa chothetsa pangano nthawi isanakwane. Pa pangano lathu chinali 2 peresenti ya zotsala, kupitirira £2,500.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndi gawo limene anthu ondifunsa aja sindiwauza. Ndinawauza achimwene kuti a banki akuti tidikire pang'ono. Sindinanene kuti andikana. Akafunsa, ndinkati ndikuyendetsa. Akulu amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ine ndinaiviika kwa theka la chaka. Kwa ine zinthu zinali bwino: ndinali m'nyumba, pa chiwongoladzanja chotsika cha 2019, pamene Bank of England inkangokweza chiwongoladzanja chake, kuchoka pa 0.1 peresenti kumapeto kwa 2021 mpaka 5.25 peresenti mu Ogasiti 2023. Kuyambira Januwale 2023 ndinayamba kulipira £646 yonse ndekha, ndipo ndinadziuza kuti basi achimwene sakutayapo kanthu.

Ankataya zambiri. Iwo ndi alamu ankalipira lendi ya £950 pamwezi. Atapita kukafunsa za ngongole yogulira nyumba yawo, anauzidwa kuti ngongole yathu ikuwerengedwa pa mutu pawo, ndipo yotsala imene angabwereke sikanagula kanthu ku Northampton. Akanakakamira kugula dzina lawo likadali pa nyumba yanga, akanayamba alipira msonkho wowonjezera wa nyumba yachiwiri, umene panthawiyo unali 3 peresenti ya mtengo wonse ndipo kuyambira pa 31 Okutobala 2024 uli pa 5 peresenti. Mwayi wa anthu ogula nyumba koyamba anali atautaya kale mu 2019, tsiku limene anasaina chifukwa cha ine. Zonsezi sanandiuze. Mwinimbumba sadandaula kwa mbumba yake.

Amene anabwera kudzandiuza ndi alamu. Anakwera sitima Loweruka lina mu Epulo 2023, ali ndi pathupi pa miyezi 6, achimwene ali kuntchito. Ndinkayembekeza mkangano. Iwo anakhala pa mpando wa kukhitchini, anakana tiyi, n'kundifunsa funso limodzi: "Alamu, amuna anga atamwalira mawa, ine ndi mwana uyu tidzapeza chiyani pa nyumba ino?" Ndinati gawo la achimwene. Anapukusa mutu n'kutulutsa pepala limene anagula pa intaneti ku Land Registry. Pa joint tenants, mmodzi akamwalira, nyumba yonse imagwera wotsalayo, kaya womwalirayo analemba wilu yonena zina. Achimwene akanatisiya, zonse zikanakhala zanga. Ine ndikanatsogola, zonse zikanakhala za achimwene, ndipo mwana wanga akanangodalira mtima wa amalume ake.

Kenako anandiuza za kwawo. Bambo awo atamwalira iwo ali ku pulayimale, achibale a kuchimuna anabwera ndi lole, anatenga mpaka mbale, ndipo nyumba ya ku Ndirande inagulitsidwa amayi awo akadali m'zovala zakuda. Ku Malawi lamulo la 2011 la chuma cha masiye linadzanena poyera kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, koma kwa iwo linabwera mochedwa. Anati, "Sindikunena kuti inu mungatero. Koma amayi anganso sankaganiza kuti alamu awo angatero." Ndinalibe choyankha. Ndinali ndikuwaona ngati mkazi wobwera amene akufuna kulowa pakati pa ine ndi mlongo wanga, pamene iwo ankangofuna kuti zimene zinawachitikira ali mwana zisadzachitikire mwana wawo.

Chimenechi chinali chosavuta kukonza. Mwezi womwewo tinadzaza fomu yotchedwa SEV, imene imasintha joint tenants kukhala tenants in common, ndipo Land Registry silipiritsa pa fomu imeneyi. Kuyambira pamenepo aliyense anali ndi gawo lake loti angasiyire amene akufuna. Siichotsa munthu pa ngongole, koma ngati mukudziwa kuti nkhani yanu itenga nthawi, yambani ndi imeneyi. Usiku womwewo ndinawaimbira achimwene n'kuwauza zoona, kuti banki inandikana, ndipo ndinatchula tsiku: Malichi 2024, pamene zaka 5 zidzakwane ndipo chindapusa chidzathe. Ndinagulitsa galimoto ija n'kugula yakale ya kashi, ndinatseka khadi, ndipo ndinayamba kutenga mashifiti owonjezera. Ndalama ya amayi sindinaichepetse. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo kumudzi inakwera, ndipo feteleza sadikira kuti mwana wa ku Ulaya athane kaye ndi banki.

Chovuta kwambiri chinali kugwirizana kuti achimwene atenge zingati. Anthu atatu ogulitsa nyumba anabwera kudzaiona ndipo mitengo yawo inazungulira pa £200,000. Ngongole yotsala inali £122,000, kutanthauza kuti chathu chenicheni m'nyumbamo chinali £78,000. Alamu anawerengera theka, £39,000, n'kukumbutsa kuti achimwene anaika dipoziti yokulirapo. Ine ndinawerengera miyezi yonse imene ndinalipira ndekha, makina otenthetsera madzi amene ndinasinthitsa ndi £2,400, denga la kumbuyo, penti, mpaka ndinafika pa £24,000. Alamu anayankha kuti miyezi imeneyo ndinkagonamonso ndekha, pamene iwo ankalipira lendi kwina. Ankanena zoona. Pepala limodzi lolembedwa mu 2019, lija maloya amati declaration of trust, lonena amene waika zingati ndi mmene tidzagawanire wina akafuna kuchoka, likanatipulumutsa ku masabata atatu amene sitinalankhulane.

Nkhani inafika kumudzi, monga nkhani zathu zimachitira. Amayi anaimba ali ndi amalume pambali. Amalume sanafunse za mapaundi. Anafunsa achimwene kuti, "Kodi mlongo wakoyu akakupatsa zonse ukufunazo, atsala m'nyumbamo?" Anandifunsanso ine kuti, "Kodi iweyo ukanakhala ndi nyumba popanda dzina la mlongo wakoyu?" Mayankho onse awiri anali ayi. Tinagwirizana £30,000. Sinali nambala ya chilungamo cha masamu. Inali ndalama imene ndikanatha kupeza, ndipo achimwene ndi amene anatsika.

Ntchito yeniyeni inayamba mu Januwale 2024. Ndinapita kwa mortgage broker, munthu wofufuzira anthu ngongole za nyumba m'mabanki, amene anandipezera banki ina yovomera kundibwereka £140,000 ndekha: £122,000 yotsekera ngongole yakale ndi £18,000 ya achimwene. £12,000 yotsalayo inachokera m'zosunga zanga ndi ku chipereganyu chathu cha amayi 10 a kutchalitchi. Za chipereganyu ndikuchenjezeni. Loya amakakamizidwa ndi lamulo kufufuza kumene ndalama yachokera, ndipo ataona £5,000 italowa mu akaunti yanga kuchokera kwa anthu osiyanasiyana tsiku limodzi, anaimitsa zonse. Ndinalemba kalata yofotokoza mmene chipereganyu chimayendera, ndinasonyeza masitetimenti a miyezi yonse imene ine ndinkaponya £500 kwa anzanga, ndipo mlembi wa gulu lathu analemba kalata yake. Zinatheka chifukwa timaponya kudzera ku banki. Tikanakhala kuti timapatsana pamanja, sindikanakhala ndi umboni.

Kusamutsa gawo la nyumba kotereku kuno amati transfer of equity. Fomu yaikulu ndi TR1, imene inanena kuti nyumba ikuchoka kwa ife awiri kupita kwa ine ndekha. Aliyense amasaina pamaso pa mboni imene ilipo pomwepo, ndipo loya anatilangiza kuti mboniyo isakhale wachibale, ndiye wanga anali mnzanga wa kuntchito. Loya yemweyo anakana kulangiza achimwene, poti ankaimira ine ndi banki, choncho iwo anapeza loya wawo ku Northampton amene anawafotokozera zimene akusiya. Poyamba ndinaona ngati kuwononga ndalama. Pano ndimayamika, chifukwa palibe amene angadzanene kuti anasainitsidwa asakudziwa. Fomu ina, AP1, yopempha kuti kaundula asinthidwe, anatumiza ndi loya.

Msonkho wogulira nyumba, wotchedwa stamp duty, umadabwitsa anthu ambiri. Boma siliwerengera kashi yokha imene wapereka, limaphatikizanso gawo la ngongole limene wamulandira mnzakoyo. Kwa ine inali £30,000 kuphatikiza theka la £122,000, zonse £91,000. Panthawiyo msonkho unkayambira pa £250,000, ndiye sindinalipire kanthu, ngakhale kuti fomu yake inayenera kutumizidwabe chifukwa ndalamayo inapitirira £40,000. Kuyambira pa 1 Epulo 2025 malirewo anabwerera pa £125,000, kotero amene ali ndi nyumba zodula kumwera kuno awerengere bwino. Anthu okwatirana amene akugawana katundu pothetsa banja salipira msonkho umenewu, koma pachibale palibe kukhululukidwa kumeneko. Loya anandifunsanso ngati ndili ndi nyumba ina kulikonse padziko, ndipo anatsindika mawu akuti kulikonse. Nyumba ya ku Area 49 kapena ku Chilomoni, ikakhala ya mtengo wofika £40,000, imawerengedwa pa nkhani ya msonkho wa nyumba yachiwiri. Ine ndili ndi puloti chabe yopanda nyumba. Ambiri a ife tinamanga kumudzi ndipo timaiwala kutchula.

Pepala limene linandipweteka silinali langa. Mwana wanga anali atakwanitsa zaka 18, ndipo mabanki ambiri amafuna kuti munthu wamkulu aliyense wokhala m'nyumba koma wosakhala pa ngongole asaine kuti banki ikadzalanda nyumbayo, iye sadzakana kutuluka. Analiwerenga kawiri pa tebulo lomwe lija alamu anakhalapo, n'kufunsa kuti, "Amayi, zikhoza kuchitika?" Ndinamuuza kuti zikhoza, ndikadzadwala nthawi yaitali kapena ntchito ikadzatha, ndipo tsopano palibenso amalume kumbuyo kwanga pa pepala. Sabata yomweyo ndinatenga inshulansi ya moyo yokwana kutseka ngongole yonse, ndi ina yondilipira ndikadwala, ndipo ndinalemba wilu.

Chifukwa cha kuchedwa kwa nkhani ya chipereganyu ija, zaka 5 zinakwana tisanamalize, ndipo kwa miyezi iwiri ndinagwera pa chiwongoladzanja wamba cha banki yakale, pafupifupi 8 peresenti. Ndinalipira kupitirira £1,000 pamwezi. Ndikanayamba mu Okutobala m'malo mwa Januwale, sizikanachitika, popeza mabanki ambiri amasunga lonjezo la ngongole mpaka miyezi 6. Maloya awiri, broker ndi zolipira zina zinadya pafupifupi £1,900. Pano ndimalipira £802 pamwezi ndipo ndidzamaliza ndili ndi zaka 67.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene tinatsala pang'ono kuiwala. Ngongole ya anthu awiri imalumikiza mbiri zawo za ngongole, ndipo ulusiwo suduka wokha. Achimwene analembera Experian, Equifax ndi TransUnion, makampani osunga mbiri za ngongole za anthu, kupempha kuti atilekanitse, kuti ine ndikadzaphonya bilu zisadzawakhudze.

Mayi wina wa kutchalitchi, amene banja lake linatha, anandiuza kuti iye alibe nkhawa chifukwa khothi linagamula kuti nyumba ikhale yake. Ndinamufunsa ngati banki yavomera kuchotsa dzina la bamboyo. Khothi likhoza kulamula kuti nyumba ipite kwa mmodzi, koma silikakamiza banki kumasula wina pa ngongole. Ngati malipiro a wotsalayo sakukwana, mayina onse awiri amakhalabe pamenepo, mwina kwa zaka, kapena nyumba igulitsidwe. Anapita kukafunsa, ndipo akadali pa ulendo womwe ine ndinayenda.

Achimwene ndi alamu anagula nyumba yawo kumayambiriro kwa 2025. Loya wawo atafunsa funso lija la joint tenants kapena tenants in common, alamu anamusunga ola lathunthu ndi mafunso. Ine tsiku lina ndinatenga cholembera n'kuwerengera lendi imene analipira pa miyezi 19 ija: £18,050, ndalama imene inapita kwa mwini nyumba wina pamene dzina la achimwene linkasunga denga langa. Ndinawauza pa foni. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Chemwali, zimenezo zisiye, mwana uja anamaliza sukulu ali pakhomo pake." Sindinathe kuzisiya. Ndinapempha alamu kuti atsegule akaunti m'dzina la mwana wawo, ndipo pa 1 mwezi uliwonse, £802 ya banki ikangotuluka, £100 imapita kumeneko. Alamu akudziwa. Achimwene tinagwirizana kuti tidzawauza mwanayo akadzayamba sukulu.